Phale la Peruwa

Lolemba m'mawa kuno ku Ankara
andipatsa phale losadzaza n'komwe chikhatho,
dothi lowotcha, lobenthuka pangodya.
Ntchito yanga n'kulipukuta ndi kabulashi
osalifunsa kanthu.
Koma Selahattin, wodziwa kuwerenga timizere iti
tonga mapazi a mpheta pamatope,
wawerama paphewa panga nati:
"Ngongole. Bokosi lonseli n'ngongole zokhazokha."

Peruwa anakongola siliva
kwa wamalonda wa ku Asuri
amene anafika ku Kaneshi ndi abulu akuda osenza nsalu.
Adzabweza pokolola.
Akachedwa, silivayo adzaswa mwezi ndi mwezi
ngati mbuzi yosadziwa chilala.
Mboni zitatu zinadinda. Chikole ndi mkazi wake.
Dzina la mkaziyo linali pangodya yobenthukayo.

Zaka pafupifupi zikwi zinayi zapita.
Selahattin akuti munthu akabweza ankamuswera phale lake,
ndiye ili lafika m'manja mwanga
mwina chifukwa Peruwa analephera.
Timatsekera m'magalasi anthu olephera kubweza,
alendo n'kumalipira pakhomo kuti awaone.

Bambo anga, a Nazmi, anali ndi golosale ku Altindag
ndi kope lakuda lomangirira kukauntala ndi chingwe.
Feriha, buledi muwiri.
Cevdet wa takisi, fodya, shuga, fodyanso.
Ana a kwa Zekeriya, mazira anayi, limodzi linasweka panjira, musawerengere.
Munalibe siginecha m'kope lonselo.
Ankangoyang'ana munthu m'maso, n'kuchotsa pensulo kukhutu.
"Kupatsa n'kuika," ankatero,
mayi n'kuyankhira kukhitchini: "Kuika kuti? M'thumba lobooka?"

Chaka china, m'mwezi wa Ramazani,
kunalowa munthu wa jasi yotuwa, wosadziwika m'dera lathu.
"Masamba khumi koyambirira,
khumi pakati, khumi kumapeto. Wonkhetsani."
Maina sanafune kuwamva.
Anawerenga ndalama, nati ng'ambani, natuluka kukugwa chipale.
Ine ndinali pampando, miyendo isanafike pansi,
ndikuwerenga nawo.
Tsamba la Feriha, mayi wamasiye wa ana atatu,
linali lakhumi ndi chimodzi.

Bambo analiyang'ana nthawi yaitali.
Kenako pwee!
Mayi sanawalankhule masiku awiri.

Golosaleyo inatsekedwa chaka chimene wailesi
inkangotchula ngongole za dziko,
chaka chimene amasuti anatera pabwalo la ndege
ndi zikwama zopyapyala
kudzatiyeza ngati tingakhulupirike.
Sanafike ku Altindag.
Koma ndalama yathu inaonda usiku umodzi,
ndipo mitengo ya m'kope lakuda
inasanduka nthabwala yosaseketsa.
Boma linabwereka kutsidya kwa nyanja,
wobweza anali Cevdet, pa lita iliyonse ya petulo.

Lero wondikongoza alibe maso.
Ndi khadi, ndi uthenga wa pafoni pa tsiku lachisanu la mwezi:
kasitomala wokondedwa.
Kwinakwake kuli makina amene anandipatsa malikisi
ngati mwana wa sukulu,
osandimvapo ngakhale kutsokomola.
Selahattin akuti kwa azungu mawu akuti ngongole
anaphuka pa mawu akuti "akukhulupirira."
Ndamufunsa kuti akukhulupirirayo ndani.
Wangoseka, wapita kukamwa tiyi.

Ndatsala ndekha ndi Peruwa.
Pansi apa ndi simenti.
Tebulo n'lalitali kufika m'chiuno.
Zala zitangoterereka pang'ono chabe,
phwaa,
mkazi wopanda dzina uja akanabwerera kwawo
madzulo ano, balere asanapse.

Ndaligwira choncho kwa kanthawi.
Lafunda m'manja mwanga ngati dzira.

Kenako ndaligoneka pathonje lake,
ndalemba nambala m'kaundula,
tsiku, kulemera kwake, ndi mawu awiri
amene fomu imafuna pamzere womaliza:
lili bwino.